Malole a Alamu ndi Dzina la Mpingo

Mvula yoyamba itagwa, denga la nyumba ya osamalira odwala linaulula matenda ake onse. Madzi anadontha m'chipinda cha amayi, m'chipinda cha abambo, mpaka pa shelefu ya buledi m'kantini. Anthu ochokera kutali amene anabwera kudzadwazika abale awo anatha tsiku lonse akusuntha matilesi ndi kutchera mabeseni.

Nyumbayo inali kuseri kwa chipatala chachikulu. Anaimanga ndi a mpingo, koma inkayendetsedwa ndi bungwe lachifundo limene mpingowo unakhazikitsa. Bungwelo linali ndi matrasti, anthu osankhidwa kuti azisunga katundu wake ndi kuonetsetsa kuti akuthandiza ovutika. Wapampando wa matrastiwo anali mayi wina amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Aliyense ankangowatchula kuti Anesi, ngakhale amuna awo omwe.

Madzulo a tsikulo Anesi anafika kunyumba nsapato zili zonyowa. Amuna awo, Atelala, anali pakhonde akusoka mayunifolomu a ana asukulu. Pambali pawo panakhala mng'ono wa Atelalawo, mwini malole awiri onyamula mchenga ndi njerwa. Ameneyu anthu anamupatsa dzina loti a Chidule, chifukwa chiyambire ubwana sankadziwa kuzungulira. Njira ikakhota, iye ankadutsa pabwalo la eni ake.

"Alamu, ndamva kuti alendo anu akumasamba ali chigonere," anatero a Chidule akuseka.

Anesi anavomera kuti zinalidi choncho, ndipo bungwe linalibe mphamvu yogulira malata chaka chimenecho. A Chidule anawauza kuti asadandaule. Malata onse agula iwo, ndi misomali yomwe, ndipo awatuta okha mpaka pakhomo.

"Chimene ndikupempha n'chaching'ono," anapitiriza motero. "Malole anga aja tiwalembetse m'dzina la bungwe lanu. Ntchito ndizigwira ine monga kale, ndalama zizilowa kwa ine monga kale. Chosintha ndi dzina lokha papepala. Za mpingo sakhometsa msonkho, si choncho?"

Atelala anaimitsa makina, nkhope ili mwee. Mng'ono wawoyu anamulera okha makolo awo atamwalira, ndipo ankanyadira kuti tsopano ndi munthu wothandiza anzake. Anati nkhaniyo inali yosafuna n'komwe kuiganizira kawiri. Odwazika agona pouma, mng'ono wawo apuma ku msonkho, ndipo palibe amene walandidwa kanthu.

Anesi sanavomere, sanakanenso. Chimene chinawagwira sichinali mkwiyo koma funso. Iwo anali atakhala pampando zaka zingapo, ndipo mawu akuti za mpingo sakhometsa msonkho anali atawamva kambirimbiri. Koma ananena zimenezo ndani? Zinalembedwa pati? Nanga ngati zinali zophweka chotere, bwanji eni masitolo onse a mumzinda sanatsegule mipingo yawoyawo? Anauza alamu awo kuti awapatse nthawi afunse kaye.

Anayamba ndi abusa. Abusa anati chiyambire utumiki wawo sanaonepo munthu wa boma akubwera kudzasuzumira m'mbale ya chopereka, choncho za Mulungu ndi za Mulungu basi. Msungichuma wa bungwe, bambo amene kale anali mphunzitsi, analoza chikalata chokhala mufelemu pakhoma la ofesi n'kunena kuti chimenecho chinamaliza nkhani yonse. Koma mayi woyang'anira nyumbayo, amene ankamvetsera akupukuta mawindo, anati mchemwali wake amagwira ntchito pa sukulu ya mpingo wina, ndipo mwezi uliwonse amamudula msonkho pa malipiro. Anesi anabwerera kunyumba funso lawo litabala ana.

Munthu wodziwa analipo, ndipo sanali patali. Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mayi wina wogwira ntchito ku ofesi ya misonkho. Anthu a mumsewuwo ankamutchula kuti Mayi Msonkho, koma akakhala kuti palibe. Ankamupatsa moni wachidule ngati wopatsa munthu wodwala chifuwa. Tsiku lina atabwera kudzayezetsa diresi, Atelala anaphimba makina awo achiwiri ndi nsalu n'kuikapo duwa, kuti aoneke ngati tebulo.

Anesi atanena kuti akufuna kukawafunsa mayiwo, Atelala anatsala pang'ono kudzibaya ndi singano. Anati kumeneko ndi kuitana njoka kuti idzaone pamene nkhuku zimaikira mazira.

"Abambo, ine ndagwira ntchito m'chipatala moyo wanga wonse," anayankha Anesi. "Amene ankaopa kuyezedwa ndi amene ankabwera titachedwa kale."

M'mawa mwake, poyanika zovala, Anesi anapereka moni wautali pamwamba pa mpanda, kenako n'kufotokoza chimene chinkawavuta. Mayi Msonkho anadabwa pang'ono, chifukwa panali pasanapezeke woyandikana nawo wowafunsa za ntchito yawo. Anati Loweruka sapita ku ntchito, ndipo angakonde kuiona nyumbayo ndi maso. Koma anachenjezeratu kuti iwo angofotokoza monga mmene amafotokozera aliyense wofunsa. Chigamulo chenicheni chimachokera ku ofesi, ndipo chimabwera cholembedwa.

Loweruka anapita atatu, pakuti Atelala anati sangalole kuti mkazi wawo akamangidwe yekha. Anayambira mu ofesi yaing'ono ija, momwe munali tebulo limodzi, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, ndi beseni pakona. Mayi Msonkho anawerenga chikalata cha mufelemu mwachifatse.

"Ichi chili ngati chikalata cha kubadwa," anatero. "Chikunena kuti bungwe lanu lilipo ndipo boma likulidziwa. Koma chikalata cha kubadwa si laisensi yoyendetsera galimoto. Kukhululukiridwa msonkho kumapemphedwa pakokha. Kodi munapemphapo?"

Anesi anayang'ana kabati ija ngati kuti iwayankhira. Anavomera kuti sankadziwa n'komwe kuti pamafunika kupempha. Mayi Msonkho anati si iwo okha, mabungwe ambiri a zipembedzo amaganiza kuti dzina la mpingo kapena la mzikiti ndi lokwanira. Koma ofesi siyang'ana dzina. Imayang'ana malamulo amene bungwe linadzilembera, ntchito imene likugwiradi, ndiponso kumene ndalama zake zimapita.

Analowa m'zipinda zogona. Munali mabedi achitsulo, mabulangete opindidwa bwino, ndi zingwe zoyanikapo matewera. Mayi wina wachikulire anali akusita malaya a mwamuna wake amene anagonekedwa m'chipatala. Anesi anafotokoza kuti zonsezi zimagulidwa ndi chopereka chapadera cha mpingo ndi mphatso za anthu akufuna kwabwino, ndipo wogona aliyense salipira kanthu, kaya ndi wa chipembedzo chanji. Mayi Msonkho anagwedeza mutu n'kunena kuti zoterezi ndiye zimene lamulo limafuna kuteteza. Bungwe likavomerezedwa, mphatso zogwiritsidwa ntchito motere sizikhudzidwa, chifukwa boma limaona kuti anthu akuligwirira ntchito imene likanayenera kuigwira lokha.

Atelala anapuma mpweya wautali. Koma atafika m'kantini, Mayi Msonkho anaima nthawi yaitali akuyang'ana buledi, sopo, makandulo ndi ketulo yaikulu ya tiyi. Pa benchi panali madalaivala awiri ndi mlonda wa sitolo yapafupi akumwa tiyi. Anafunsa ngati amenewonso anali odwazika.

Anesi anaseka n'kunena kuti kantiniyo inayamba ngati yothandiza alendo awo, koma tiyi wake anatchuka msewu wonse. Mayi Msonkho anati pamenepo ndiye panali malonda, ndipo malonda amaonedwa mosiyana ndi mphatso. Nthawi zina ofesi imalola kuti asakhomedwe, ngati ndi aang'ono ndipo akutumikira cholinga cha bungwe. Nthawi zina imati phindu lake likhomedwe monga la wamalonda wina aliyense, pakuti si chilungamo kuti wogulitsa tiyi kutsidya kwa msewu azikhoma, pamene wa kuno sakhoma chifukwa choti pakhoma pali chithunzi chopatulika. Chofunika n'chakuti ndalama za kantini zizilembedwa pazokha, zisasakanizidwe ndi chopereka.

Apa chidwi cha Anesi chinakula. Anafuna kudziwa kuti akati akhome, akhoma gawo lalikulu bwanji. Mayi Msonkho anati choyamba, msonkho sakhoma pa ndalama zonse zolowa m'kabati. Amayamba achotsa zimene zagulira ufa, shuga, magetsi ndi malipiro a wogulitsa, ndipo chotsalacho ndicho phindu lokhomedwa. Koma mlingo wake anakana kuutchula pamtima. Anati milingo imasintha boma likalengeza ndondomeko ya chuma ya chaka chatsopano, ndipo mlingo wa bungwe ukhoza kusiyana ndi wa munthu payekha. Ku ofesi kuli timapepala taulere tofotokoza milingo ya chaka chimenecho, ndipo ndi bwino kudalira timeneto kusiyana ndi zongomva.

Mayi woyang'anira nyumba uja anali akuwatsatira chapatali, ndipo apa analimba mtima n'kufunsa za mchemwali wake. Yankho linali lakuti bungwe likhoza kukhululukiridwa, koma wantchito wake ndi munthu payekha. Malipiro amakhomedwa mwa makwerero. Gawo loyambirira silikhomedwa konse, choncho wolandira zochepa ngati mlonda mwina sadulidwa kalikonse. Wopitirira pamenepo amadulidwa pa gawo lopitiriralo, ndipo mlingo umakwera malipiro akamakwera. Ntchito yodula ndi kupereka ku ofesi ndi ya bungwe lolemba ntchito.

"Ngakhale abusa?" anafunsa Anesi.

"Ngati amalandira malipiro, ngakhale abusa."

Anesi anati nkhani imeneyo akatuma msungichuma kuti akawauze abusa, pakuti iwo akufunabe kumalandira mgonero.

Atatuluka panja, Atelala anakhosomola. Anati pali munthu wina, wongodziwana naye chabe, amene ali ndi malole ndipo anali ndi maganizo owalembetsa m'dzina la bungwe lina lachifundo. Mayi Msonkho anafunsa ngati munthu wongodziwana nayeyo ndi yemwe uja amaimika lole pa geti la Atelala Lamlungu lililonse. Atelala anayang'ana nsapato zawo.

Mayiwo sanakalipe. Anati sanabwere kudzagwira munthu, ndipo maganizo okha si mlandu. Koma anatembenukira kwa Anesi n'kuwapempha kuti amvetsere bwino.

"Akulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndi zimene alamu anu akudalira. Koma pa nkhani iyi khoswe amagwidwa, mkhate n'kusweka nawo. Lamulo lalikulu la mabungwe ngati lanu ndi lakuti katundu ndi ndalama zake zisapindulire matrasti kapena abale awo. Zikadziwika, mwini malole alipira msonkho wonse ndi chindapusa. Bungwe litaya mwayi wokhululukiridwa, ndipo inu Anesi, amene musayine, mudzayankha ndi dzina lanu."

Anawonjezanso chinthu china chimene Atelala anali asanachiganizire. Lole ikalembedwa m'dzina la bungwe, imakhala ya bungwe. Matrasti akasintha, atsopanowo akhoza kuigulitsa, ndipo a Chidule sangakhale ndi polozera. Komanso ikachita ngozi, ovulala adzabwera kudzagogoda pa chitseko cha nyumba ya odwazika.

Pobwerera, Atelala anafuna kuthokoza, ndipo analonjeza kuti diresi yotsatira adzasoka ulere. Mayi Msonkho anakana moseka. Anati adzalipira monga aliyense, ndipo adzafuna lisiti.

Ntchito yokauza a Chidule anaisenza ndi Atelala. Anawapeza ku galaja atagona pansi pa lole, manja ali bii ndi oilo. A Chidule anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatuluka n'kufunsa ngati achimwene awo afika poti n'kuwapereka kwa anthu a msonkho. Atelala anayesa kufotokoza za mkhate, koma mng'ono wawo anati ngati alamu ake akufuna denga la malamulo, alifolere ndi malamulowo. Lamlungu lotsatira, lole sinaime pa geti.

Masabata amene anatsatira anali olemera. Mvula inalimbikira, ndipo chipinda chimodzi anachitseka chifukwa siling'i inayamba kugwa. Amayi ena ankagona awiriawiri pa bedi. Ku mpingo kunali manong'onong'o akuti Anesi anakana malata aulere chifukwa chodzionetsa ophunzira. Kunyumba Anesi ankaona kuti Atelala akusowa mng'ono wawo. Nthawi zina iwonso ankadzifunsa ngati funso lawo silinavutitse anthu osalakwa.

Komabe anaitanitsa matrasti onse n'kuwafotokozera zimene anaphunzira. Ena anaopa kuti kupita ku ofesi ndi kudzipereka okha. Abusa anang'ung'udza, koma pamapeto pake anati sangalalikire za kuona mtima pa guwa kwinaku akubisala kuseri kwake. Anapita limodzi ndi Anesi ndi msungichuma.

Ku ofesi anakhala pa mzere ngati wina aliyense. Mkulu amene anawalandira anapempha malamulo a bungwe, mayina a matrasti ndi malipoti a chuma. Anawabweza kamodzi chifukwa malamulo awo sankanena kumene katundu adzapite bungwe likadzatha. Anakakonza, n'kulemba kuti adzapita ku bungwe lina lachifundo, osati kwa munthu. Patapita nthawi anthu a ku ofesi anabwera kudzaona nyumbayo, ndipo kenako yankho linafika. Bungwe linavomerezedwa, mphatso ndi chopereka sizidzakhomedwa. Phindu la kantini lokha ndilo linayenera kukhomedwa, pamodzi ndi kagawo ka malipiro a woyang'anira nyumba. Za m'mbuyo anawalola kulipira pang'onopang'ono, poona kuti anabwera okha osachita kusakidwa. Anawauzanso kuti chaka chilichonse azipereka lipoti, ngakhale pa ndalama zosakhomedwa.

Chimene chinabweza a Chidule sichinali chisoni koma chidwi. Iwo ankayembekezera kumva kuti nyumba ija yatsekedwa ndi unyolo. Atamva kuti kantini ikugulitsabe tiyi ndipo palibe amene wamangidwa, anafika pakhonde madzulo ena ngati munthu wongodutsa. Anafunsa za thanzi la aliyense, za mtengo wa ulusi, kenako n'kufika pa nkhani.

"Alamu, ndiye anakuchitani chiyani kumeneko?"

"Anatipatsa mipando," anayankha Anesi.

Anafotokoza zonse, ndipo atafika pa mfundo yakuti msonkho umakhomedwa pa phindu, a Chidule anawadula mawu. Anafuna kudziwa ngati dizilo, matayala ndi malipiro a dalaivala nazonso zimachotsedwa. Iwo zaka zonsezi ankaganiza kuti boma limafuna gawo la ndalama iliyonse yolowa m'thumba, n'chifukwa chake ankalithawa. Malisiti a dizilo ankapukutira manja n'kutaya. Anesi anati funso limenelo si lawo, ndipo mwini yankho ali kuseri kwa mpanda. A Chidule anapempha achimwene awo kuti awaperekeze.

Anakhalako nthawi yaitali, ndipo sabata yotsatira a Chidule anapita okha ku ofesi. Anabwerako akudandaula za mzere, koma anavomera kuti chilombo chimene ankachithawa chinali chocheperapo kusiyana ndi mthunzi wake. Anamvanso kuti mphatso yopita ku bungwe lovomerezeka nthawi zina imawerengedwa pochepetsa msonkho wa woperekayo, bola pakhale lisiti ndipo asalandire kanthu mobweza.

Malata onse sanagule, pakuti tsopano anali ndi zawo zoti akonze. Anagula theka, poyera, m'dzina lawo, ndipo msungichuma anawalembera lisiti. Theka linalo anasonkha a mpingo, ndipo kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira inawonjezera matabwa itaona kuti bungwelo ndi lovomerezeka. Mvula isanathe, chipinda chotsekedwa chija chinatsegulidwanso.

Mbiri inamveka. Tsiku lina kunabwera abambo awiri ochokera ku mzikiti wa kumtunda, umene unali ndi bungwe lolera ana amasiye ndiponso nyumba zochititsa lendi. Anati amva kuti Anesi analowa mu ofesi ya misonkho n'kutulukamo amoyo, ndipo ankafuna kudziwa ngati lendi yawo imakhomedwa. Anesi anawapatsa tiyi n'kuwauza zonse zimene ankadziwa. Koma pa funso la lendi anati sayankha, chifukwa bungwe lililonse lili ndi nkhani yake. Anatenga chikwama chawo n'kunena kuti awaperekeza, pakuti nawonso ankafuna kumva yankho lake.

Phunziro la nkhaniyi ndi lomveka. Bungwe la chipembedzo silikhululukiridwa msonkho chifukwa cha dzina lake, koma chifukwa cha ntchito yake, ndipo liyenera kupempha ndi kuvomerezedwa. Mphatso zothandizira ovutika, phindu la malonda ndi malipiro a antchito ndi zinthu zosiyana, choncho muzizilemba mosiyana. Milingo ya msonkho imasintha, ndiye muziifunsa ku ofesi ya misonkho, osati kwa anzanu a pa benchi. Ndipo musabwereke dzina la bungwe kwa munthu aliyense, ngakhale m'bale wanu wapamtima, chifukwa dzinalo si lanu. Eni ake ndi anthu ovutika amene amabwera kudzapeza pogona.